Mudzi Wobwereka wa a Zacheus

"Iyo mphoto muzaiphika, ba sisi? Muzaifunda mphepo ikabwera?" anafunsa Derrick, kalata ya ku Lusaka ili m'manja, ataigwira ndi zala ziwiri zokha.

Anastazia anatembenuza mutu kuti khutu lamanzere, lomwe linatsala lamoyo, liloze kwa mlongo wakeyo, n'kupitiriza kusankha kapenta m'lichero. Derrick anali wamng'ono kwa iye, koma chiyambire uphunzitsi ku Natuseko ankafika ku Chowa, komboni yawo mu Kabwe, ndi mawu a munthu wodzachonga makope. Loweruka limenelo anabwera ndi nsapato zopolisha, ndipo fumbi la kumgodi linali litazidya kale asanafike n'komwe pakhomo.

Kalatayo inkati bungwe lina loona za ufulu wa anthu lasankha Anastazia Mwale, wogulitsa kapenta ndi nyemba pamsika wa Chowa, kuti alandire mphoto ya kulimba mtima poteteza demokalase yosasiya munthu kunja. Mawu ake anali aatali kuposa zimene zinachitikazo. Nthawi ya kalembera wa mavoti, anyamata a chipani china, amene kuno timawatcha makada, anaima pageti la sukulu n'kumabweza nkhalamba za ku Chowa, ati ndi aNyasa, akavotere kwawo ku Malawi. Anastazia anasiya benchi yake pamsika n'kukaima pagetipo masiku anayi, akulowetsa nkhalambazo ziwiriziwiri atazigwira pamkono. Tsiku lachinayi thabwa linamupeza kukhutu lamanja. Analembetsa anthu makumi anayi ndi atatu, ndipo khutulo silinamvenso kanthu.

"Pamene nenze kumenyewa unali kuti iwe?" anatero Anastazia. "Unali mu kilasi kulemba demokalase pa bolodi. Lelo bantu baniona kuti nine muntu, iwe mutima wakubaba."

"Mutima siunibaba. Nili na mantha. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Aba ba ku Lusaka bazabwera na makamera, bazajambula, bazayenda. Ise tizasala pano na makada. Na imwe muziba bwino vamene vili pa reji ya atate."

Zimene zinali pa reji, chiphaso chobiriwira chija cha unzika, panalibe mwana wa ku Chowa amene sankazidziwa. A Zacheus, bambo wa Anastazia ndi Derrick, anabadwira mu komboni ya pamgodi mu Kabwe momwemo. Bambo wa a Zacheus ndi amene anachokera ku Ntcheu wapansi, n'kufera kumgodi opanda pepala ngakhale limodzi. Tsiku lokatenga reji, kalaliki anafuna dzina la mudzi ndi mfumu, ndipo a Zacheus analibe mudzi woposa komboni. Mnzawo wa mu kwaya ya kutchalitchi, Petson Banda wa ku Katete, anawanong'oneza pamzere pomwepo kuti atenge wake, mudzi sutha. Kuyambira tsiku limenelo a Zacheus anakhala a mudzi wa Kalumphira, kumene sanapondeko phazi. Anthu ambiri mumsewu wawo anachita chimodzimodzi, ndipo pamaliro ankasekana nazo, wina n'kumufunsa mnzake ngati mvula yagwa kumudzi kwake.

Mkanganowo unatalika. Derrick anati nkhani yosekedwa ku Chowa siseketsa ku ofesi, ndipo chisankho chili patsogolopa masabata asanu okha. Anastazia anati munthu woopa mthunzi wake satuluka m'nyumba. Tisamunamizire mayiyu kuti ankangoganiza za dziko. Mphotoyo ankaifuna, ndipo ankaifuna kwambiri. Zaka makumi anayi ndi zisanu anthu akhala akumuitana kuti mai wa kapenta, ndipo kalatayo inali yoyamba kulemba dzina lake lonse popanda kulakwitsa.

A Zacheus anali pakhonde nthawi yonseyi, akumanga waya wa wailesi yawo ndi ulusi. Atatopa ndi phokosolo analankhula osadzutsa mutu.

"Derrick, mlongo wako anapereka khutu. Iwe wapereka chiyani? Mutu ukakula sulewa nkhonya. Mwana apite akalandire chake. Ine ndavota chisankho chilichonse chiyambire ndili mnyamata, ndipo ichi ndivotanso, ndi chala chomwechi."

Derrick sakanatha kubweza mawu kwa bambo ake. Anatsazika mwaulemu, koma pageti anaima n'kuuza mlongo wake chapansipansi, kukhutu lamoyo, kuti nkhuyu zodya ana zimapota akulu. Kenako anapita kukakwera minibasi.

Lachitatu kunabwera Lorraine wa kubungwe lija, mtsikana waulemu wovala jinzi, ali ndi bambo wonyamula kamera. Anagwada popereka moni kwa a Zacheus, n'kuwatchula kuti ba shikulu, agogo m'Chibemba, ndipo nkhalambayo inasungunuka pomwepo. Anati akufuna kanema wamfupi woonetsa patsiku la mphoto. Anajambula Anastazia pamsika akupima kapenta ndi kambale, anamujambula pageti la sukulu akuloza pamene anagwera, anajambulanso milu yakuda ya kumgodi, poti alendo onse obwera ku Kabwe sachoka osaijambula. Pomaliza Lorraine anapempha kuti ba shikulu anenepo mawu awiri za mwana wawo.

A Zacheus analowa m'nyumba n'kutuluka atavala jekete yawo yotuwa, ija ya pa Misa ya Isitala ndi pa chisankho. Anakhala pampando, kamera n'kuwayang'ana, ndipo anayamba bwino. Anasimba za bambo awo, za mgodi, za tsiku loyamba limene anaika pepala m'bokosi. Anastazia anali kumbali akuthira tiyi, khutu lakufa lili kwa iwo. Pomwe ankatembenuka ndi makapu anapeza nkhani ili kale pa Petson.

Munthu wosawadziwa a Zacheus angati kunali kupusa, koma sikunali kupusa ayi. Anali munthu wa mwambo, woti akabwereka ngakhale singano amabwera nayo n'kuomba m'manja. Kwa iwo kusimba moyo wawo osatchula amene anawabwereka mudzi kukanakhala kuba. Petson anali atagona ku manda zaka khumi, ndipo a Zacheus anaona kuti mpata womuthokoza pamaso pa anthu ndi womwewu.

"Ine kwathu ndi Chowa, mwanawe," ankatero akuseka. "Mudzi uli pa reji yangawu ndi wobwereka. Anandibwereka malemu Petson Banda, Mulungu amusunge. Ndipo si ine ndekha, mumsewu muno theka tili ndi midzi yobwereka. Ndikuti zikomo Petson, kulikonse uli. Popanda iwe sindikanavota."

Anastazia anaika makapu pansi tiyi n'kutayikira m'thireyi. Anamukokera Lorraine kuseri kwa nyumba n'kumupempha kuti mawu amenewo asatuluke, chifukwa akhoza kulanditsa bambo ake reji. Lorraine anamugwira manja onse awiri. Anati akumvetsa, anati bungwe lawo limaika chitetezo cha anthu patsogolo, ndipo kanemayo akamukonza amutumizira pafoni kuti aone yekha asanaonetsedwe kulikonse.

Ndipo anatumizadi, chilungamo chake tisamulande. Kanemayo anafika Lachisanu la sabata yotsatira, Anastazia ali kwa telala ku Kamushanga akuyesa diresi. Foni inati yadzaza, afufute zina kaye. Telala anali ndi mapini mkamwa akumuuza kuti aime mowongoka. Anastazia anati aona madzulo, madzulo anati aona mawa, ndipo mawa lake kunali kuluka tsitsi. Pansi pa mtima ankadziwa chifukwa chake sankafuna kutsegula. Ankaopa kupeza chinthu chomulepheretsa ulendo.

Ku Lusaka anapita yekha, poti Derrick anakana ndipo miyendo ya a Zacheus sikanapirira basi. Mwambowo unali wa masana, muholo ya hotela ina yozizira ngati firiji ya pabutchala. Anamukhazika patebulo la kutsogolo pakati pa anthu onunkhira bwino, amene ankamulankhula mbali ya khutu lakufa, iye n'kumangomwetulira. Kenako magetsi anachepetsedwa, ndipo nkhope ya bambo ake inaoneka pakhoma, yaikulu kuposa chitseko.

Panalibe chimene chinachotsedwa. Mawu onse analipo, ndipo pansi pake anawalemba m'Chingerezi kuti asaphonye ndi mmodzi yemwe. Mudzi wobwereka, Petson Banda, theka la msewu. Anaonetsanso reji yeniyeniyo a Zacheus ataitukula monyadira, nambala yake ikuwerengeka. Mayi wina wachizungu patebulo lawo anapukuta misozi. Anthu anaimirira n'kuomba m'manja, ambiri mafoni ali m'mwamba akujambula. Anastazia akanatha kuimirira n'kukuwa kuti azimitse, ndipo masiku onse otsatira anadzifunsa chifukwa chimene sanatero. Koma dzina lake linaitanidwa, lonse, popanda kulakwitsa, ndipo miyendo inamutengera kutsogolo. Anamupatsa galasi lolemera losemedwa ngati lawi la moto, iye n'kuthokoza.

Atamupeza Lorraine pakhonde la hotelayo, mtsikanayo sanathe kumuyang'ana m'maso. Anati iye anachotsa mawu aja, koma akuluakulu ake anabwezeramo, ati pamenepo ndiye pali mtima wa nkhani yonse, ndipo othandiza bungwe amafuna kuona zoona zotere. Anati anatumiza pafoni, ndipo popeza sipanabwere yankho anayesa kuti banja lavomera. Mbali imeneyo inali yoona, ndipo Anastazia ankadziwa.

Kanemayo anafika ku Kabwe iye asanafike. Potsika minibasi ku Chowa, galasi lili m'chikwama, anapeza makada atakhala pa sitesheni akuonetsana pafoni. Anali atadula zonse n'kusiya kachidutswa kamodzi, nkhalamba ya jekete ikuseka n'kumati mudzi wanga ndi wobwereka. Sanamumenye, sanamutukwane. Mmodzi, yemwe uja wa thabwa, anangomuchotsera kapu n'kumuthokoza kuti wawachepetsera ntchito.

Panadutsa masiku asanu ndi atatu. Lachiwiri m'mawa panafika amuna awiri ovala mataye, ochokera ku ofesi ina ya boma ya m'tauni. Anali aulemu, ndipo ulemu wawo ndi umene unapweteka. Anakana mpando, anafunsa a Zacheus dzina la mtsinje wa ku Kalumphira ndi dzina la nyakwawa ya kumeneko. A Zacheus anati sakudziwa, ndipo sanganame ali ndi imvi. Amunawo anapempha reji, ati akaifufuze chabe, n'kusiya kapepala kodinda. Anastazia anafunsa kuti ibwera liti, iwo anati nkhani zotere sizithamangiridwa. A Zacheus anaitulutsa m'kapulasitiki momwe inakhala zaka zonsezo, n'kuipereka ndi manja awiri.

Derrick anafika madzulo ake dzuwa likadalipo. Anastazia anali atakonzeka kumva zija za ndinanena ine, ndipo zikanamupepukira akanazinena. Koma Derrick anangokhala pansi pafupi ndi bambo ake, n'kuwerenga kapepalako kawiri. Kenako anayang'ana galasi lija pamwamba pa kabati.

"Ba hedi baniitana lelo," anatero. "Bakuti nibwerese reji yanga na ine, baione. Yanga inachoka pa ya atate. Yanu nayo, ba sisi. Ya bana banga nayo. Mwaona manje?"

"Ninalakwa, Derrick. Kanema ananitumira, sininasegule."

"Niziba. Madzi akatayika saoleka."

Anastazia anamuimbira Lorraine kasanu. Ulendo wachisanu anayankha, mawu ake ali achisoni chenicheni. Anati bungwe litulutsa chikalata chodzudzula, ndipo loya wawo aiona nkhaniyo chisankho chikatha, chifukwa pakali pano onse ali kalikiliki ndi kuyang'anira mavoti m'zigawo. Chikalatacho chinatulukadi, cha ndime zitatu, ndipo dzina la a Zacheus analilemba molakwika.

Chimene chinamupweteka koposa chinali pamsika. Nkhalamba zimene ankazigwira pamkono zija zinayamba kulambalala benchi yake n'kukagula kapenta kwa ena. Tsiku lina anawaimitsa a Fridah, mayi wamasiye wa kutchalitchi kwawo, amene iye anawabereka kumsana kudutsa nawo geti lija. A Fridah anayang'ana uku ndi uku asanalankhule.

"Mwana wanga, sinikuzonda, nilibe mulandu na iwe. Koma tenze bwino mu una mwathu. Unatitulutsa, watiika pa zuba, manje akabawi baona. Ine sinizayenda kuvota. Nikaonetsa reji, bazanifunsa mtsinje."

Anatero n'kupita, osagula kanthu. Anastazia anatsala ataima ndi kambale kopimira m'manja, osadziwa kuti akwiyire ndani pakati pa makada, bungwe ndi iye mwini.

Tsiku la chisankho linafika ndi mphepo ya fumbi. Anastazia anadzuka akuyembekeza kuti bambo ake akhala pakhonde ndi wailesi. Anawapeza atavala kale jekete yotuwa, atameta ndevu, khadi la voti ndi kapepala kodinda zili m'thumba lapachifuwa. Anawauza kuti popanda reji sawalola, kuti angokazunzika ndi miyendo. Iwo anati akudziwa, koma munthu sakanizidwa ali kunyumba, amakanizidwa pakhomo la malo ovotera.

"Ndipo utenge galasi lakolo," anatero. "Akuti ndi la anthu osasiyidwa kunja. Mwina lili ndi mawu kuposa ine."

Anastazia sanadziwe ngati akumunyoza kapena akunena zoona, ndipo nkhope yawo sinamuthandize. Analikulunga m'chitenje n'kulinyamula. Anayenda pang'onopang'ono mpaka kusukulu ija, akupuma pamthunzi uliwonse. Pageti panalibe kada ndi mmodzi yemwe. Panalibe chifukwa. Mzere unali wautali, wa achinyamata ndi amayi a ana kumsana, ndipo Anastazia anauyenda ndi maso kufunafuna anthu ake makumi anayi ndi atatu. Anapezapo anayi, ndipo onse anayi anayang'ana kumbali.

Anthu anawapatsa njira a Zacheus poti ndi achikulire. Patebulo panali mtsikana wa bukhu la maina, amene analipeza dzina lawo mosavuta, chithunzi chawo chili pomwepo chikumwetulira. Anapempha reji. A Zacheus anapereka kapepala kodinda. Mtsikanayo anaitana woyang'anira, bambo wamagalasi wooneka wotopa, amene anawerenga kapepalako n'kupukusa mutu. Anati lamulo likufuna khadi ndi reji zonse ziwiri, ndipo iye alibe mphamvu yosintha.

Pamenepo Anastazia anamasula chitenje n'kuika galasi patebulo. Anati awerenge zimene zalembedwapo, anati bambo awa anabadwira mita mazana angapo kuchokera pamene aimapa, anati avota kuyambira woyang'anirayo asanabadwe. Bamboyo anawerama n'kuwerenga mawu onse mpaka pansi. Nkhope yake inawala.

"Ndimwe ba Mwale baja? Ninakuonani pa foni. Mwachita bwino maningi, amai, dziko ifunika bantu monga imwe." Kenako anakankhira galasilo kumbali mosamala kuti lisatchinge bukhu. "Koma ba shikulu sibangavote. Pepani. Wotsatira."

A Zacheus anaomba m'manja kawiri, monga ankachitira nthawi zonse akapatsidwa yankho ndi munthu wa udindo, n'kutembenuka. Anastazia anafuna kutuluka nawo, koma anamuletsa. Anati khutu lake lisapite pachabe, alowe avote, iwo amudikira panja. Analowa, anachonga pepala misozi ikutchinga maina, ndipo sanakumbuke bwino pamene anaika chizindikiro.

Anawapeza atakhala pachitsa cha mtengo pafupi ndi geti, pamalo pomwe iye anagwera tsiku la thabwa. Anakhala pansi pambali pawo, galasi lili pamiyendo. A Zacheus anamugwira dzanja n'kuyang'ana inki ya pachala chake nthawi yaitali, kenako anayang'ana chala chawo choyera.

"Atate, munikhululukire."

"Usalire pagulu. Pakamwa panali panga. Chobwereka chimabwerera mwini wake, ndipo Petson ndamubwezera mudzi wake, sindinauwononge." Anapukuta fumbi pa jekete. "Koma pali chimodzi chikundivuta, mwana wanga. Iwe wayenda ku Lusaka, wakhala ndi anthu ophunzira. Tsiku langa likadzafika, wowerenga mbiri pamanda amayamba ndi mudzi. Kalumphira andilanda. Ku Ntcheu sakundidziwa. Chowa akuti si mudzi. Ndiye adzati ndine wa kuti?"

Anali atakhala mbali ya khutu lamoyo, ndipo Anastazia anamva liwu lililonse. A Zacheus anadikira pang'ono, n'kugwedeza mutu ngati munthu amene wayankhidwa. Anagwira phewa lake kuti aimirire, ndipo awiriwo anayamba ulendo wobwerera, mwana atanyamula galasi, bambo atanyamula kapepala.